Njinga yamoto ikamwa madzi: zoyenera kuchita musanaponde kiki

Mvula ikakhazikika kuno ku Nkhotakota, cha mu Januwale ndi Febuluwale, timitsinje tomwe m'chilimwe timadutsa osanyowa ndi chidendene chomwe timasanduka zina. Aliyense woyenda pa njinga yamoto kuchoka pa Benga kukwera ku Mwansambo, kapena wolowa m'midzi ya m'mbali mwa Chia ndi Bua kukatenga mpunga, tsiku lina adzaimapo pakati pa madzi injini itazima. Zimagwera wa kabaza, zimagwera alangizi a zaulimi pa AG 200 yawo, zimagweranso aphunzitsi ochokera ku boma kukatenga malipiro. Kumwa madzi pakokha sikupha njinga. Chimaipha ndi zimene mwini wake amachita madziwo atalowa kale.

Chaka china ndidapeza mnyamata wa kabaza pa kamtsinje kena, njinga yake ya 150 itangovuulidwa kumene m'madzi ofika m'mawondo. Adaponda kiki, kikiyo idakana kutsika. Adaikwera ndi thupi lonse, koma ayi ndithu. Ndidamuuza kuti, "Achimwene, tachotsani kaye pulagi," koma iye maso adali pa kasitomala amene amadikira kutsidya. Anzake awiri adamukankha pamtsetse, iye n'kuika giya yachiwiri, n'kusiya kilatchi. Tidangomva kuti khu! Tayala lakumbuyo lidakwekwereza pansi, basi. Makaniko atatsegula injiniyo, konirodi, chitsulo chija chimakankha ndi kukoka pisitoni, idali itapindika ngati chikwakwa. Njingayo sidali yake, adali woperekera ndalama kwa bwana tsiku ndi tsiku. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa sipanala ya pulagi idali pansi pa mpando pomwepo.

Chidachitika n'chosavuta kumvetsa. Pisitoni ikamakwera imafinya mpweya wosakanikira ndi petulo. Mpweya umalola kufinyika, madzi salola. Mu injini ya 150, pisitoni ikafika pamwamba penipeni malo otsala sakwana masupuni awiri aakulu. Madzi oposa pamenepo akakhalamo, pisitoni imagunda ngati yagunda mwala, ndipo mphamvu yonse ija mwaponda kapena kukankha imathera pa konirodi.

Zambiri mwa zimene ndilembe pano amazidziwa bwino ndi anthu a masewero otchedwa trials. Awa sathamangitsana ayi. Amakwera miyala, zitsa ndi mitsinje pang'onopang'ono ataimirira, ndipo woponda phazi pansi ndiye amaluza mapointi. Njinga zawo, monga Montesa, Beta, Gas Gas ndi Sherco, zilibe mpando weniweni ndipo zimalemera makilogalamu pafupifupi 70 okha. Ku Scotland kuli mpikisano wa masiku asanu ndi limodzi wotchedwa Scottish Six Days Trial, womwe udayamba mu 1909, ndipo malo ambiri opikisanirapo ndi m'timitsinje ta miyala ta kufupi ndi Fort William. Kumeneko njinga kumwa madzi si nkhani yodabwitsa. Mwini wake amaikonza pamphepete pa mtsinje pomwepo n'kupitiriza ulendo. Alibe mankhwala ena, amangotsata ndondomeko osadumpha. Njinga zathu za Lifan, Boxer, DT 125 kapena XL 125 n'zolemera kuposa zawo, koma injini ndi injini.

Zida zake si zambiri: sipanala ya pulagi, masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, masikuludilaiva awiri, ya nyenyezi ndi yafulati, pulayala, pulagi yapadera, ndi kansalu kouma komangidwa bwino m'jumbo. M'dzinja zimenezi zisamachoke pa njinga.

Choyamba: zimitsani, vuulani, kiki musaikhudze

Mukaona kuti mukugwa m'madzi, zimitsani injini musanafike pansi ngati mungathe. Injini yozima imangolowa madzi pang'ono, yolira imachita kuwayamwa. Ikazima yokha, chotsani kiyi, tsekani petulo, ikani pa nyutulo, muikankhire kumtunda. Sitata yamagetsi musaidine ngakhale kamodzi kongoyesa, imapinda konirodi chimodzimodzi. Ngati madzi akuthamanga moti inu nomwe mukulephera kuima, isiyeni njingayo, itanani anthu ndi chingwe. Ndipo ku Bua kuli ng'ona, musagwirire ntchito m'mbali mwenimweni mwa madzi.

Chachiwiri: bokosi la fyuluta ndi ekizozi

Tsegulani chivundikiro cham'mbali muone m'bokosi la fyuluta ya mpweya. Apa ndi pamene mudziwire kukula kwa mlandu. Mukapeza mouma, mwina changonyowa ndi kapu ya pulagi basi, ndipo ntchito ichepa. Mukapeza madzi, tengani kuti afika mpaka mu injini.

Fyuluta ya siponji ifinyeni m'manja mwanu, osaipotokola ngati chovala chifukwa imang'ambika, kenako iyanikeni pa chiwongolero kapena pa tsamba. Ya pepala ikanyowa yatha ntchito, imatseka mpweya ngakhale itauma, mudzagule ina. Pansi pa bokosilo pamakhala kapaipi kotsekedwa kumapeto, katseguleni madzi atuluke, mupukute matope onse ndi kansalu kuyambira kukamwa kwa kabuleta kubwera kunja, kuti musakankhire dothi m'kati.

Mukatero, pezani munthu mmodzi akuthandizeni kuimika njinga pa tayala lakumbuyo, lakutsogolo lili m'mwamba, wina atagwira buleki yakumbuyo kapena njinga ili m'giya. Madzi a mu ekizozi adzakhuthuka okha. Ngati batire lanu ndi lija lothira asidi, lichotseni kaye.

Chachitatu: pulagi

Ili ndiye gawo limene mnyamata uja adadumpha. Pukutani matope ozungulira pulagi musanaimasule, kuti asagwere m'bowo. Ichotseni. Kiyi akhale wozimitsa, chifukwa m'bowomo mutuluka madzi osakanikira ndi petulo, ndipo kamoto kakang'ono n'kokwanira kuyatsa.

Yambani kutsitsa kiki ndi dzanja, mwapang'onopang'ono, mukumvetsera. Ikayenda mosavuta, pondani ndi phazi, mafuta a pachiwongolero mutakoka mpaka kumapeto. Musayang'ane m'bowomo. Madzi amatuluka ngati mwaboola paipi, ofiirira, nthawi zina kufika pamwamba pa thanki. Pitirizani. Poyamba atuluka ambiri, kenako timadontho, kenako kankhungu. Musasiyire pa timadontho. Pondani makumi atatu, makumi anayi, mpaka chala mukachiika pafupi ndi bowolo chizibwerako chouma. Ngati kiki ikukanabe kutsika pulagi itachoka, imani pomwepo, m'katimo china chapindika kale kapena chagwira, ndipo imeneyo ndi ntchito ya ku galaja.

Eni njinga za thuu sitiroko, monga DT 125, AG 100 ndi Suzuki TF 125, zija zimatulutsa utsi wabuluu ndi kumwa oyilo wa 2T, ali ndi ntchito yowonjezera. Mu injini zimenezi petulo amayamba wadutsa kunsi kwa pisitoni, m'chipinda cha kilankishafuti, asanakwere pamwamba. Madzinso amatsata njira yomweyo n'kukhala pansipo, ndipo kiki yokha siwatulutsa onse. Masulani magalasi, tsekani petulo, gadamitsani njinga matayala ayang'ane kumwamba, chiwongolero ndi mpando zili pa udzu. Ikani giya yachitatu kapena yachinayi, muzizunguza tayala lakumbuyo ndi manja. Madzi adzatuluka pa bowo la pulagi kugwera pansi. A trials amachita zomwezi, popeza njinga zawo zambiri ndi za thuu sitiroko. Mukaitembenuzanso, onani kapaipi ka 2T kopita ku pampu. Mukaona timathovu ta mpweya m'menemo, pampuyo iyenera kuchotsedwa mpweya, apo ayi injini idzayenda yopanda oyilo n'kugwira. Ngati simudziwa kachotsedwe kake, thiraniko 2T pang'ono m'thanki ya petulo kuti akufikitseni kwa makaniko.

Chachinayi: kabuleta ndi thanki

Pansi pa kabuleta pali kambale kosungira petulo, ndipo kali ndi sikuluwu yake yokhuthulira. Dulani botolo la pulasitiki loonekera m'kati, mulitchere pansi, mumasule sikuluwuyo. Yang'anani zimene zatuluka. Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye amakhala pansi ngati timikanda toyera tikugubuduzika. Tsegulani petulo kwa kanthawi kuti atsuke kambaleko, muyambe ndi kuika kampopi ka petulo pa ON kenako pa RES, chifukwa RES imatunga pansi penipeni pa thanki pamene madzi amakhala. Mukaona woyera yekhayekha, mangani.

Ngati thanki idamira yonse, petulo ameneyo musamukhulupirire. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wina amapangidwa kwathu konkuno ku Dwangwa, ndipo ethanol amagwirana ndi madzi. Madzi akachuluka, awiriwa amatsikira limodzi pansi pa thanki, ndipo njinga imangodukiza ngati ili ndi chifuwa. Ndikudziwa mmene petulo amavutira kupeza masiku ena, koma mukhuthulireni m'chigubu, adikhe, mutenge wapamwamba yekha.

Chachisanu: oyilo

Pano ndichedwapo, chifukwa njinga zambiri zimene zapulumuka pa mtsinje zimakafera apa patapita milungu iwiri kapena itatu, mwini wake osadziwa kuti chidayamba ndi tsiku lija.

Sololani kamtengo koyezera oyilo muone. Oyilo wabwino ndi wakuda kapena wofiirira ngati uchi. Wolowa madzi amaoneka ngati tiyi wothira mkaka wambiri, nthawi zina ndi thovu. Komanso mulingo umakwera kupitirira pamene udali m'mawa. Dziwani kuti ngati injini idazima msanga, madziwo amakhala asanasakanikirane ndi oyilo, ali phee pansi, ndipo kamtengo kakhoza kukunamizani. Njira yotsimikiza ndi kumasula pang'ono bawuti yokhuthulira oyilo: ngati muli madzi, ndiwo ayambe kudontha.

Oyilo wa mkakayu sagwira ntchito. Zitsulo zimakhulana zokhazokha, ndipo madzi a mtsinje wa m'dzinja sabwera okha, amabwera ndi mchenga wosalala uja umatsalira pansi pa ndowa. Ngati pafupi pali sitolo, tumani munthu pa njinga yakapalasa akagule oyilo. Ngati palibe, kukankha njinga kapena kuikweza pa ngolo n'kotchipa kuposa kuiyendetsa makilomita khumi ndi oyilo ameneyo.

Pa njinga za 110 ndi zina zambiri bawuti yokhuthulira ndi ya 17, pansi pa injini. Pa injini za mtundu wa CG, zimene zadzaza pa masiteji a kabaza, pali chitsekerero chachikulu cha 24 kumanzere chakumunsi, ndipo mukachimasula pamatuluka sipuling'i ndi kasefa kooneka ngati kachipewa. Katsukeni ndi petulo, muone zimene kagwira, mukabwezere mmene kadakhalira. Pendeketsani njinga uku ndi uku kuti zonse zituluke. Njinga zazing'onozi zimamwa oyilo pafupifupi lita imodzi.

Kusintha kamodzi sikukwanira. Thirani watsopano, injini ikadzalira muisiye mphindi zisanu, mukhuthulenso. Mudzaona akutulukabe woyererako. Bwerezani mpaka atuluke ndi mtundu umene adalowera, kawirikawiri kawiri kapena katatu. Wotsukirayu akhoza kukhala wotchipa, koma womaliza akhale wa njinga yamoto weniweni, 20W-50 wolembedwa JASO MA pa botolo, chifukwa kilatchi ya njinga imasamba mu oyilo yemweyo ndipo oyilo wina wa galimoto amaiteremutsa. Ena amati thirani dizilo kapena palafini muilize kuti itsukike. Ine sindivomereza, mafuta amenewo ndi opyapyala, sateteza kanthu. Pa thuu sitiroko oyilo woyang'ana ndi wa m'giyabokosi, nayenso amasanduka mkaka.

Oyilo wakudayo musamutaye mumtsinje kapena m'mbali mwake. Madzi onsewa akupita kunyanja kumene timadya chambo ndi usipa. Muikeni m'botolo, akalipentala ndi omanga makola amamufuna popaka mitengo kuti chiswe chisadye.

Chachisanu ndi chimodzi: moto

Pukutani pulagi, muiuzire, kapena ikani yapadera ija. Gwedezani kapu yake madzi atuluke, mupukute m'kati. Lowetsani pulagi mu kapu, mugoneke mazinga ake pa chitsulo cha injini, patali ndi bowo, mutagwira pa labala. Yatsani kiyi, pondani kiki. Mufuna kuona kamoto kabuluu kolira kuti tcha, tcha. Kofiira kofooka kapena kusowa kwa moto ndiye kuti penapake mwanyowa. Yambani ndi zapafupi: batani lozimitsira pa chiwongolero, malo olumikizira mawaya a CDI ndi koyilo, zipangizo zotumiza moto ku pulagi, pansi pa thanki kapena mpando. Zulani chimodzichimodzi, uzirani, pukutani, bwezerani. Pa thuu sitiroko magineto, omwe amapanga magetsi a motowo, amakhala pouma, kuseri kwa chivundikiro chakumanzere, ndipo madzi akalowamo satuluka okha. Tsegulani, akhuthuke, muumitse padzuwa. Mukausiya wotseka, dzimbiri limagwira mkati mwa sabata imodzi.

Mpata wa pakamwa pa pulagi pa njinga zambiri zazing'ono ndi 0.6 mpaka 0.7 mm. Za CG zimalowa D8EA kapena D8TC, za 110 zimalowa C7HSA. Musanabwezere, donthezani oyilo pang'ono m'bowo, madontho asanu kapena asanu ndi limodzi, chifukwa madzi atsuka khoma la silinda. Pulagi muyambe kuimanga ndi zala mpaka ifike, sipanala ingomalizitsa. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kudyeka.

Kuiliza

Bwezerani fyuluta ngati yauma. Tsegulani petulo, kokani tchoko, pondani. Siilira ulendo woyamba. Ikhoza kutsokomola n'kuzima, ndipo mukachotsa pulagi mupeza yanyowanso. Pukutani, pondaninso kangapo pulagi ili kunja, bwezerani. Zimenezi zikhoza kuchitika katatu, musataye mtima ndipo musayambe zokankhana pamtsetse.

Ikalira, musaikokere mafuta. Isiyeni ilire pansipansi, ekizozi itulutse nthunzi yoyera mpaka ithe. Tcherani khutu. Kugogoda kwa chitsulo kumene kunalibe m'mawa ndi chizindikiro choti muzimitse. Chimodzimodzinso kiki imene yapepuka kwambiri, yongotsika yopanda kukana: konirodi ikapindika pang'ono pisitoni siifikanso pamwamba, ndipo njinga imalira koma ilibe mphamvu.

Ngati ikulira pa tchoko pokha, mukabweza tchoko n'kuzima, dothi latseka jeti yaing'ono ya m'kabuleta. Masulani kambale kaja, mupeza majeti awiri amkuwa, wochepayo ndiye wa sailensi, woliritsa injini pansipansi. Muyang'anireni kudzuwa, kabowo kake kaoneke. Uzirani, kapena pitsanimo kachingwe kamodzi kofewa ka m'waya wamagetsi. Singano ayi, imakulitsa bowo ndipo njinga imayamba kumwa petulo ngati yabooka.

Musananyamuke, yesani mabuleki. A dilamu akanyowa sagwira konse. Yendani pang'onopang'ono mutawapondako pang'ono kwa mamita zana kapena awiri mpaka atenthe n'kuuma, makamaka musanalowe mu M5 momwe mukudutsa malole a shuga ndi mabasi.

Mukafika kunyumba

Loweruka lotsatira lipatseni njinga. Chotsani matayala onse awiri, mutsegule madilamu. Mupeza matope ouma ndi mchenga, zimene zimadya mabuleki ndi kukanda dilamu. Pukutani, mupake girizi pang'ono pa kamtengo kotembenuza mabulekiwo, osafikitsa pa nsapato zake. Lowetsani chala mu beling'i muzunguze. Ikamamveka ngati muli mchenga, isintheni, yaphwa kale.

Tcheni chitsukeni ndi palafini ndi kaburashi kakale kotsukira mano, chiume, mudonthezere oyilo wa giya m'kati mwake uku mukuzunguza tayala, kenako mupukute wotsala kunja. Kuno kwathu ndi ku Salima, makamaka njira za ku Senga Bay ndi Lifuwu, mchenga ndi wambiri, ndipo tcheni chonona kwambiri chimatola mchengawo n'kusanduka chonolera masipuloketi. Kulendewera kwake pa njinga za kabaza kukhale masentimita awiri kapena atatu pakatikati. DT ndi AG zimafuna kopitirirapo chifukwa tayala lakumbuyo limakwera ndi kutsika kwambiri, tsatani zolembedwa pa njingapo. Chokokedwa kwambiri chimadya beling'i ya kuseri kwa sipuloketi yaing'ono, ndipo imeneyo kuti muisinthe mpaka kung'amba injini pakati.

Fyuluta ya siponji itsukeni ndi palafini kenako madzi a sopo, iume ndithu, muipake oyilo n'kufinya mpaka isamadonthe. Siponji youma imadutsitsa fumbi. Donthezaninso oyilo m'makebulo a kilatchi, buleki ndi mafuta, mutsegule nyali yakutsogolo ngati muli nthunzi, ndipo pakatha sabata muonenso mtundu wa oyilo wa injini.

Tsiku lina mukadzafikanso pamtsinje pomwepo

Tsikani, muwoloke kaye wapansi ndi ndodo. Dziwani pamene njinga yanu imakokera mpweya, pa zambiri ndi pansi pa mpando, ndipo madzi akafika pakati pa injini mwayandikira kale malire. Kasitomala ndi matumba a mpunga awoloke paokha. Lowani ndi giya yoyamba, mafuta osasinthasintha, zala ziwiri pa kilatchi, maso kutsidya. Kulowa mothamanga kumakweza funde limene limadzagwera m'bokosi la fyuluta ngakhale madzi ali ochepa.

A trials amaphwetsa matayala kwambiri, 4 psi kumbuyo ndi 6 kutsogolo kapena chapomwepo, kuti tayala likumbatire mwala. Musatengere zimenezo. Matayala ndi malimu awo adapangidwira zomwezo. Lathu la chubu mukaliphwetsa chotero limatsetsereka pa limu n'kuzula vavu. Kuchepetsako mpaka cha m'ma 20 psi mulibe katundu kumathandiza mumchenga ndi m'matope a makande, koma mupope mukangofika pa tala.

Madzi akapitirira mawondo, musayese n'komwe. Zimitsani, idikireni izizireko, tsekani kukamwa kwa ekizozi ndi jumbo, mupise mitengo iwiri yolimba, umodzi kutsogolo kwa injini wina pansi pa keliyala. Pamadoko ambiri m'dzinja pamakhala anyamata odikira ntchito yomweyi. Anayi amainyamula paphewa bwinobwino. Gwirizanani mtengo musanalowe m'madzi, ndipo mukafika kutsidya musaiwale kuchotsa jumbo ija.